Ndikufuna Amuna Atatu Onenepa Pofika Lamulungu

Lolemba, 13 Novembala 2006

M'mawa.
Ambuye, sabata ndaiyamba mtima uli m'mwamba. Madalitso, mwana wa achemwali anga, wagona chafufumimba pa sofa. Akuti bedi likumupweteka nthiti. Dzulo titaweruka kutchalitchi ndinapita kukamuona akusewera, koyamba chibwerereni kuno ku London. Bola ndikanangokhala!

Si mpira umenewu. Ndi ndewu ya yunifolomu. Onse avala zisoti ngati a njinga zamoto, mapewa otukumuka, mpira wake wooneka ngati papaya. Akuti ndi wa ku Amereka. Mada ndiye woponya: amalandira papayayo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kumayang'ana woti amuponyere. Nthawi yonseyi a timu inayo akubwera chothamanga kuti amugwetse. Ndipo nzololedwa! Woyimbira amangoyang'ana.

Kutsogolo kwa woponya kumayenera kuima amuna asanu onenepa, phewa ndi phewa, otsekereza adaniwo. Mada amati laini. Ine ndikuti mpanda. Mpanda wa timu ya yunivesite yawo watsala ndi nsanamira ziwiri zokha. Wina anathyoka mwendo, wina anabwerera kwawo, wina anapeza chibwenzi chimene sichifuna zopusazi (mtsikana wanzeru). M'malo mwawo kochi akuimikamo tianyamata ta miyendo ya udzudzu.

Kamodzi anthu atatu anamugonera pamwamba. Ndinkangoona nsapato zake.

Achemwali ku Zomba akudziwa kuti mwana "amasewera mpira." Basi. M'mutu mwawo ndi mpira wa kabudula ndi miyendo, ndipo ine sindinawakonze. Tsiku limene ndinapita kukamutenga anandigwira dzanja: "Achimwene, bambo ake anatisiya. Mwini mbumba ndinu. Mudzandibwezere wathunthu." Ine n'kuyankha kuti musadandaule, ngati ndine amene ndimagwira mafupa a anthu kuti asathyoke.

Masana.
Ndamuuza asiye. Waseka, kenako wagwira nthiti. "Ankolo, vuto si mpira, vuto ndi laini. Mundipezere anthu atatu onenepa, palibe angandikhudze." Iye akucheza. Ine ayi.

Lamulungu likubwerali akukasewera ku Wembley. Akuti anyamata a kumeneko amadya anthu. Lamulo ndi limodzi: wosewera akhale wolembetsa pa yunivesite yomweyo. Koma kumpingo kwathu amuna ambiri ali ndi kosi inayake kumeneko, wina ya unamwino, wina ya bizinesi, masana kalasi, ntchito pambali. Apa ndaona dzanja la Mulungu.

Amene ndawaganizira:
1. Wyson. Besi wa kwaya. Timagwira limodzi kunyumba ya okalamba kuno ku Romford. Amalowa pakhomo chammbali.
2. Tembo wa ku Zambia. Nayenso wosamalira okalamba. Amakhala ku Thamesmead, kutsidya kwa mtsinje. Khosi alibe.
3. Fulakisoni. Wamfupi koma wotambalala ngati filiji yogona.
4. Kelvin, mwana wa a Gondwe. Anabadwira konkuno. Loweruka amalondera pakhomo la malo ovinira (Ambuye amuyendere).

Anayi, pofunika atatu. Ndili ndi wapadera!

Amayi akunyumba aona pepalali asanapite ku shifiti yawo kuchipatala. Akuti: "Bambo, inu ndi dikoni kapena wogula ng'ombe?"

Lachiwiri, 14 Novembala

M'mawa, kuntchito.
Wyson ndamupeza akumeta agogo ena ndevu, akuwaimbira chapansipansi. Ndadikira amalize. Ndati pali mwana wamasiye amene akufunika chitetezo Lamulungu masana. Maso ake adzaza misozi nthawi yomweyo. "Adikoni, ndili pano. Nditumeni." Za zisoti ndamuuza atavomera kale. Ndikudziwa, Ambuye, ndikudziwa. Dongosolo la mawu ndinalikonza dala.

Tembo pa foni: "Ba dikoni, palibe vuto, nizabwela. Manje vakudya viliko?" Viliko, Tembo. Zikhalapo.

Masana.
Fulakisoni wagwa. Iye mwini amafuna, anayamba kale kuzunguliza mapewa pabalaza, koma akazi ake atuluka kukhitchini ndi mpeni wa anyezi m'manja. "Adikoni, ndimakulemekezani. Msana uwu ndi umene umatisunga m'dziko muno. Ukathyoka mudzatisunga ndinu?" Ndayang'ana Fulakisoni. Fulakisoni akuyang'ana kapeti. Tamwa tiyi, tapemphera, ndatuluka.

Atsala atatu. Ndendende, popanda wapadera. Aliyense asayetsemule.

Kelvin ndakumana naye pa siteji ya basi. Ndamufotokozera zonse m'Chichewa, wamva zonse, wayankha: "Yeah, uncle. Safe." Ndafunsa Mada tanthauzo lake, akuti wavomera. Mnyamata ameneyu akamagwira chitsulo cha m'basi chimaoneka ngati supuni. Mwa onse ndi yekhayo amene anakankhapo munthu m'moyo wake. Ndikuchita manyazi kuti ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha zimenezi.

Madzulo.
Mada sakukhulupirira. Waimbira kochi, akudumpha ndi nthiti zake zomwezo. Mawa kuli zoyeserera. Wandikumbatira. Mwana ameneyu ndi mafupa okhaokha, ndawamva onse.

Lachitatu, 15 Novembala

M'mawa.
Tsiku la msika. Ndagula:
miyendo ya nkhuku, thumba lalikulu
mpunga
mazira
nthochi
chiponde
Wogulitsa nkhuku wafunsa ngati kuli ukwati. Ndati ayi, ndikudyetsa mpanda. Sanafunsenso.

Kochi akuti anthu a laini azidya kasanu patsiku. Tembo akuti kochi ameneyu ndi munthu wa Mulungu.

Madzulo, kubwalo.
Mvula yowaza, mphepo yolowa mpaka m'mano. Kochi ndi mzungu wamfupi wa mawu ngati injini ya chigayo. Ataona anthu anga atatu akutsika basi wavula kapusi yake. Ndaganiza kuti alira.

Poyamba zonse zikuyenda. Akuwaphunzitsa kaimidwe: miyendo motalikirana, mawondo opinda, msana wowongoka, mutu m'mwamba. Wyson ndi Tembo angoima kamodzi, ndendende. Kochi akukuwa, anaphunzira kuti? Kuntchito, bwana! Chaka chilichonse amatiphunzitsa kanyamulidwe ka okalamba, ndipo ndi komweku: pinda mawondo, sunga msana. Mtima wanga wadzikuza. Ndaimirira m'mbali mwa bwalo ngati ndinawabereka ndine.

Kenako akuti tsopano tikankhane.

Mnyamata wina wathamangira Wyson. Wagunda pachifuwa, waterereka m'matope, akugwa chagada. Wyson wamugwira lamba ndi dzanja limodzi, lina kumsana, wamutsitsa pang'onopang'ono mpaka pansi, mutu wautchinjiriza ndi chikhatho. "Muli bwino? Mwapweteka pati? Musadzuke msanga." Mnyamatayo ali phee, akuyang'ana kumwamba.

Tembo wake wamulowetsa manja m'khwapa, wamutembenuza, wayenda naye mpaka kunja kwa mzere, wamukhazika pa benchi.

Wenzulo! Kochi waponya kapusi pansi. Mada akumasulira, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira: m'masewera amenewa kukankha munthu nkololedwa, kumugwira nkoletsedwa. Ukamugwira malaya, lamba, mkono, woyimbira amaponya kansalu kachikasu pansi, zonse zimene mwachita zimafafanizidwa, timu yonse imabwezedwa m'mbuyo.

Kuntchito kwathu ndi mosemphanitsa. Kugwira munthu ndiye ntchito. Kukankha munthu ndi nkhani ya apolisi, ndipo pepala lako lokhalira m'dziko muno limathera pomwepo. Anthu awa zaka zonsezi manja awo aphunzira chinthu chimodzi: munthu asagwe.

Tembo akuti: "Manje nimuleke che agwe? Awe, ba kochi. Ni mwana wa munthu uyu."

Kelvin yekha. Kelvin wakankha mnyamata wina mpaka wakagwera pa chikwama cha mipira. Kochi wamupsompsona pachisoti.

Mmodzi mwa atatu. Kwatsala Lachisanu kuyeserera kwina. Ambuye, limbitsani mitima ya ana anu, koma pang'ono pokha.

Lachinayi, 16 Novembala

M'mawa.
Ndadzidzimuka ndili pakati popaka buledi majarini: Lamulungu lino ndi la Mgonero! Wonyamula mbale ya mkate ndine. Woyambitsa nyimbo ya pagome ndi Wyson. Mapemphero athu amayamba mochedwa chifukwa holo timabwereka, ndipo ulendo wa ku Wembley ndi kudutsa London yense. Sizingatheke zonse ziwiri.

Masana.
Ndapita kwa abusa. Ndinakonza zonena zoona. Pakhomo ndinali nazo. Nditakhala pampando zatuluka izi: "Abusa, Lamulungu ine ndi abale awiri tikupempha kuti tisapezeke. Pali mwana wamasiye amene adzakhala pangozi ku Wembley, tikufuna tikaime naye."

Liwu lililonse ndi loona. Ndalibwereza m'basi monse, palibe labodza ngakhale limodzi. Nanga bwanji ndikumva ngati ndanama?

Abusa agwira manja anga onse awiri. Akuti utumiki wotere ndi umene ukusowa mumpingo wa kunja kuno, aliyense amangothamangira mashifiti. Apemphera nthawi yaitali. Atsegula maso akuti atumiza amayi anayi atiperekeze ndi chakudya ndi nyimbo. Ndatuluka thukuta. Ndati malo ake ndi ovuta, amayi sangapirire zimene zikachitike kumeneko. (Zoonanso!) Agwedeza mutu mwachisoni. Akuti ndiye sabata yamawa ndidzaime kutsogolo ndipereke umboni kwa mpingo wonse.

Umboni!

Madzulo.
Achemwali andiflasha kawiri. Ndakanda khadi, ndawaimbira. Mzere wa foni ukusokosa ngati mvula pa malata. Akuti alota Mada atapsinjidwa ndi matumba a chimanga, akungooneka mapazi. Ndati chimanga ndi mwayi, achemwali, kulota chimanga ndi zokolola. Akuti: "Chabwino, poti mwanena ndinu. Akudya koma?" Akudya. "Mpira wakewo asamathamange kwambiri, chifuwa chake mukuchidziwa."

Khadi yatha ndisanayankhe. Sindinakandenso ina, ngakhale ili m'thumba.

Machimo a lero:
abusa
achemwali
kukondwa kuti khadi yatha

Tembo wadya miyendo ya nkhuku isanu ndi umodzi, wanyamula ina m'kontena ya amayi akunyumba. Ulendo wake wa mabasi ndi wautali, akuti amamva njala powoloka mtsinje.

Lachisanu, 17 Novembala

M'mawa.
Foni kuntchito. Manijala akundiyang'ana. Woimba foniyo ndi a Gondwe, bambo ake a Kelvin. Akuluakulu amenewa anabwera kuno kalekale, nthawi imene kwathu munthu unkasowa chifukwa cha liwu limodzi. Amavala taye ngakhale popita kotaya zinyalala. Apeza chisoti pansi pa bedi la mwana wawo.

Sanakweze mawu. Bola akanakweza. "Adikoni, ine ndinathawa dziko langa usiku, mayi anga sindinawaike m'manda, kuti mwana wanga asadzamenyedwe ndi anthu ovala zisoti. Lero mwamuveka chisoti ndinu."

Ndati pepani, bambo. Ndati kwenikweni womenya ndi iyeyo. Sizinathandize.

Kelvin watumiza uthenga pa foni: "Sorry uncle." Mawu awiri. Mpanda wanga wagumuka pakati penipeni, pamene panali njerwa yokhayo yowotcha.

Masana.
Ndayang'ana amuna onse m'basi. Woyendetsa ndi wabwino, mapewa ake. Wina wonyamula makatoni pa siteshoni. Ndatsala pang'ono kumufunsa ngati ali pasukulu. Ndafika pamenepa: dikoni wa mpingo, kuyeza matako a anthu osawadziwa ndi maso.

Madzulo, kubwalo.
Malo a Kelvin kochi waikapo kamnyamata kena kofiira tsitsi, kophunzira za makompyuta. Kakutafuna chala.

Chisoti chachikulu kwambiri m'chikwama sichikulowa m'mutu mwa Wyson. Anyamata awiri akanikiza pamwamba, chalowa. Akuti akumva mtima wake ukugunda m'makutu. Kuvula nakonso ndi nkhondo, za Lamulungu tiona.

Kochi wasintha njira. Akuti manja azikhala otambasula, zala m'mwamba, ngati ukukankha galimoto yokana kulira. Tembo wamvetsa, kwawo anali ndi minibasi. Wakankha bwino kawiri. Kachitatu mnyamatayo wapepesuka, Tembo wamuwakha.

Wyson wakankha kamodzi. Kamodzi kokha, ndi mtima wonse, maso atatseka. Mnyamatayo wauluka, wagwa chagada, matope thii! Bwalo lonse lakuwa mokondwa. Mada akudumpha. Wyson wagwada pambali pa mnyamatayo, akumupepesa, akumufunsa dzina lake ndi tsiku la lero, akufunsa kochi kuti buku lolembamo ngozi lili kuti. Kulibe buku. Wyson sakumvetsa kuti munthu angagwe osalembedwa.

Takwera basi. Potsika akuti: "Adikoni, phokoso lija la mutu wake ndikulimvabe."

Mada akuti zikhala bwino. Akunena akuyang'ana pawindo.

Loweruka, 18 Novembala

M'mawa.
Ndasinthana shifiti ndi mnzanga. Lero ndiwaphunzitsa ndekha. Poimika magalimoto kuseri kwa fulati yathu. Zida:
matiresi akale a Mada
magolovesi a uvuni a amayi akunyumba, mapeya awiri (akugona, abwera m'mawa kuchokera ku shifiti, sakudziwa)

Nzeru yake ndi iyi: munthu wovala magolovesi a uvuni sangagwire lamba wa mnzake. Ndinaiganiza ndikupemphera, choncho mwina si yanga.

Ndaima kuseri kwa matiresi, ndawagwira zolimba. Ndati, Wyson, kankha! Wabwera, wagusa matiresi ngati akuyala bedi. "Sindingakankhe dikoni." Ndati pano si dikoni, ndi matiresi. Akuti akuona nsapato zanga pansi.

Tembo chimodzimodzi. "Ba dikoni, ndimwe bakulu."

Ndiye ndachita chinthu choipa. Ndati: Tembo, matiresi awa ndi manijala wako uja. Uja amakusinthira rota ya mashifiti osakuuza. Uja anakuika shifiti pa Khirisimasi zaka zonse, amene anakukaniza tchuthi pamene mayi ako ankadwala ku Chipata. Ndaona nkhope yake ikusintha. Ndapitiriza. Ndathira mafuta pamoto ndi manja angawa.

Sindikukumbuka kuuluka. Ndikukumbuka mabini a zinyalala, chivundikiro chikuzungulira pansi, matiresi ali pamwamba panga, ndipo mayi wachizungu wa m'mwamba akukuwa pawindo kuti aimbira apolisi. Wyson akumuyankha mwaulemu ndi magolovesi a maluwa m'manja.

Zatheka! Chiuno chikuwawa, koma zatheka! Ndagona m'zinyalala ndikuthokoza.

Masana.
Sizinatheke. Tembo wakhala pa khoma akulira. Akuti manijala uja anamukhululukira kale chaka chatha pa msonkhano wa chitsitsimutso, lero zonse zabwerera. Wyson wamugwira phewa, apemphera awiriwo, ine ndaima patali ndi matiresi. Atamaliza abwera kudzandiuza zimene agwirizana: mawa apita, chifukwa analonjeza, ndipo mwanayo amuteteza. Koma mkwiyo ayi. Pa tsiku la Ambuye, tsiku la Mgonero, sakankha munthu ndi mkwiyo.

Ndafunsa ngati angakankhe ndi chikondi. Akuti aona.

Mada akuti magolovesi a uvuni woyimbira sangalole.

Madzulo.
Ndabisa chisoti cha Mada m'makina ochapira. Popanda chisoti sasewera. Ndakhala pabalaza ndikumva akufufuza m'chipinda. Kenako akuti: "Zilibe kanthu, ndikabwereka cha mnzanga, chimangokhala chokhwepa pang'ono." Ndapita kukachitulutsa. Ndati ndimafuna kuchichapa. Wandiyang'ana nthawi yaitali.

Amayi akunyumba apeza magolovesi awo ali ndi matope. Angoti: "Mawa mutenge maambulera awiri ndi nambala ya achemwali anu."

Chakudya changa ndachisiya m'mbale. Tembo wathandiza.

Lamulungu, 19 Novembala

M'mawa.
Nthawi ino mbale ya mkate wanyamula wina. Sitima sizikuyenda mbali ina, akukonza njanji, tadutsa ndi basi. Wyson akung'ung'udza nyimbo ya pagome yekha pampando wa anthu awiri. Ine ndavala suti, kuti aliyense wotiona aganize kuti tikupita kumene ndinanena.

Masana.
Bwalo la matope kuseri kwa nyumba za anthu. Patali kukuoneka uta waukulu wa sitediyamu yatsopano ija sinathebe kumangidwa. Oonerera: ine, atsikana atatu, ndi galu.

A ku Wembley atuluka. Mada sananame.

Wenzulo. Mpira uli m'manja mwa Mada. Chimunthu china chikubwera ngati lole yopanda mabuleki. Wyson wachilandira pachifuwa, wachikumbatira, wachigwira lamba, wachitsitsa pansi bwinobwino. Tembo wagwira awiri, wina m'khwapa ili, wina ili, kuphatikizapo wa kamnyamata ka makompyuta kaja. Mada waponya, mnzake wawakha kutali. Atsikana akuwa!

Kansalu kachikasu. Zafafanizidwa. Bwererani m'mbuyo.

Kachiwiri: kansalu. Kachitatu: tinsalu tiwiri. Woyimbira akuwerama kutola mpaka wayamba kugwira msana. Timu yathu ikuyenda chobwerera, bwalo lonse, ngati maliro olakwitsa njira. Kochi mawu atha, akungotsegula pakamwa. A ku Wembley nawo asokonezeka, sanagwidwepo mwaulemu chotere. Mmodzi ndamumva ali m'manja mwa Wyson: "Cheers, mate."

Koma tamverani, Ambuye. Theka loyamba latha, ndipo malaya a Mada ndi oyera. Oyera! Anzake onse ali ngati atuluka m'dambo, iye ngati akupita ku ubatizo. Palibe wamukhudza ngakhale ndi chala. Zigoli zawo sindikuziwerenga, zathu palibe chowerenga. Ndaima pansi pa ambulera ndikuimba mumtima. Tigonje chonchi mpaka amalize sukulu!

Mada wabwera kumzere, wavula chisoti. Sindinamuonepo nkhope yotere. "Ankolo, mwandimangira ndende." Ndati ndakumangira mpanda. Wavalanso chisoti.

Theka lachiwiri. Walandira mpira. Sanabwerere m'mbuyo. Sanayang'ane woti amuponyere. Waupanira m'khwapa, wawerama, wadutsa pakati pa Wyson ndi Tembo asanagwire munthu aliyense, watulukira kunja kumene kulibe womuteteza.

Akuthamanga. Wina wamudumphira, waphonya. Wina wagwira mphepo. Miyendo ija ya mafupa ikungoti pyapyapya m'matope, ngati mayi ake ali mtsikana pothamangitsa mbuzi m'munda. Theka la bwalo! Kupitirira! Ndipo pali munthu wina akukuwa, "Thamanga! Thamanga, mphwanga! Usayang'ane m'mbuyo!" Ambulera ili pansi. Munthuyo ndine, mu suti ya Mgonero.

Awiri amupeza pafupi ndi mzere womaliza, wina uku wina uku. Phokoso lake ndalimva ndili kutali.

Apa ndiye anthu anga aonetsa ntchito. Wyson wafika woyamba, wagwira mutu kuti usagwedezeke, akumufunsa dzina ndi tsiku la lero. Tembo wathamangitsa aliyense, wamanga mkono ndi sikafu ya mtsikana wina. Kochi wangoima akuyang'ana. Pambuyo pake wawagwira chanza, akuti pa laini asadzabwerenso, chonde, koma ngati angamabwere Lamulungu lililonse kudzaima m'mbali ndi chikwama cha mankhwala, timu idzawathokoza. Wyson akuti afunsa abusa. Abusa!

Madzulo.
Kuchipatala tadikira mpaka mdima. Fupa la paphewa lathyoka. Akuti lilumikizana lokha, mpira aiwale mpaka chaka chamawa. Wyson wakhala nafe ndi chisoti kumutu, namwino wina wachita kumuvula ndi sopo.

Mada mkono uli pachifuwa, mankhwala amugwira, akumwetulira ngati wakhoza mayeso. "Ankolo, munaona? Munaona mmene ndinamudutsira woyamba uja?" Ndinaona.

Tafika kunyumba. Amayi akunyumba aika foni patebulo, khadi pambali pake, yokanda kale.

Ndawauza achemwali zonse. Zisoti, papaya, mpanda, phewa. Mzere lero uli mbee, ngati ali chipinda chinacho. Amvetsera mpaka ndamaliza. Kenako: "Mupatseni foni." Mada walankhula nawo nthawi yaitali, akuseka, akufotokoza ndi dzanja limodzi ngati akumuona. Wandibwezera.

"Achimwene, nanga inu munali kuti?"

Ndinali pomwepo, achemwali. Ndimakuwa kuti athamange.